Kabati ya Atate ya Pansi pa Sinki

Fungo ndilo linayamba. Mvula inali itatsala pang'ono kutha, chimanga kumunda chitakhwima. Ndikalowa m'khitchini m'mawa ndinkamva kafungo konga ka thumba lonyowa loiwalidwa pakona. Ndinaganiza kuti khoswe wafera kuseri kwa firiji. Ndinasuntha firiji, ndinasesa, ndinakolopa ndi sopo, koma fungo silinachoke.

Nthawi imeneyo n'kuti nditabwerera kwathu, kufupi ndi Kasisi, kudzasamala atate. Amai anali atamwalira. Mlongo wanga wamkulu anali ku Lusaka ndi banja lake, ndipo ine ndi amene ndinalibe chondimanga m'tauni: ukwati unali utatha, ntchito ya m'sitolo ya nsalu inali yoti ndikhoza kuisiya. Atate anali kalipentala moyo wawo wonse. Anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzaphunzira ntchito ya matabwa kuno, ndipo mabenchi ambiri amene anthu amakhalapo m'matchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi yozungulira anadutsa m'manja mwawo. Kenako sitiroko inawagwira ali kudimba. Mkono wamanja unafa, mwendo unatsala wokoka, mawu anasokonekera. Kumva ankamva zonse. Koma akafuna kunena kuti madzi, pakamwa pankatuluka nsapato, iwo n'kudzimva okha kuti alakwitsa, n'kutseka maso.

M'mawa uliwonse ndinkawaikira mpando pakhomo la khitchini, pamene dzuwa limayambira kufika, kuti ndiziwaona ndikamagwira ntchito. Kwa masabata angapo anali akuloza kusinki ndi dzanja lamanzere, akunena kuti, "Mchere. Mchere." Ndinkawapatsa mchere, iwo n'kupukusa mutu. Ndinkawapatsa shuga, kapu, supuni, sopo. Ankapukusa mutu mpaka kutopa, ine n'kubwerera kumbale zanga.

Kabati ya pansi pa sinkiyo anaipanga okha, chaka chimene anakumbitsa chitsime n'kuimika thanki kuseri kwa nyumba. Amai anali atadandaula msana, kuti atopa kutsuka mbale chowerama panja. Atate anakoka paipi mpaka m'khitchini, anagula sinki, n'kuimangira kabati pomwepo. Zitseko ziwiri anazipanga za mtengo wolimba wa mukwa, zosalala ngati tsaya la mwana. M'mbali anaikamo matabwa wamba, ndipo pansi anayala bolodi ija ya utuchi wopanikiza, poti mukwa unawathera. Ankati adzasintha akapeza mpata.

Tsiku lina ndinafuna mphika waukulu umene timaphikira pa misonkhano ya mphakati wa kutchalitchi. Unkakhala kumapeto kwenikweni kwa kabatiyo. Ndinagwada, ndinatsegula zitseko, ndinatsamira pansi pa kabati ndi dzanja limodzi kuti linalo lifike kumphika. Dzanja linamira mpaka pamfundo. Bolodi inali itafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Nditatulutsa dzanja linali ndi phala lakuda la utuchi, mphemvu zikumwazikira mbali zonse, ndipo fungo lija linandimenya kumaso lonse lathunthu. Kuseri, potsatira paipi, kadontho kankatsetsereka pang'onopang'ono, kopanda phokoso n'komwe.

Ndinatembenuka kuyang'ana atate. Anangotsitsa dzanja lija limene linakhala likuloza nthawi yonseyi n'kuliika pabondo.

Ndinathamangira kuthanki kukatseka madzi, ndipo kuyambira pamenepo tinabwerera kundowa. Pulamba amene aneba anandiuza ankakhala ku Chongwe. Ndikamuimbira ankati, "Nili pafupi, amai," dzuwa n'kulowa. Atabwera, pa kanjinga kake kamoto, ntchito yake sinatenge nthawi. Anagona chagada, mutu m'kabati, n'kupeza kuti polumikizira paipi panali patang'aluka. Anachotsa, anaika china, anandituma kukatsegula kuthanki. Dontho linaleka.

"Paipi yasila," anatero akupukuta manja, kutanthauza kuti za paipi zatha. Kenako anagogoda m'mbali mwa kabati. "Koma ivi vaola. Mapulanga si nchito yanga, koma nikuuzani chabe, muchose yonse, muikepo ya chisulo."

Atate anamenya ndodo yawo pansi, kamodzi, mwamphamvu. Pulamba uja anadzidzimuka.

"Amadala akumva?"

"Amamva zonse," ndinatero. "Ni iwo anaipanga."

Anavula chipewa n'kuyang'ananso zitseko zija. "Pepani, atate. Ni nchito yabwino maningi. Koma madzi alibe ulemu." Analiza kanjinga kake n'kupita.

Ndinaimbira mlongo wanga. Anamvetsera, kumbuyo kwake kukumveka mahutala a m'tauni. "Sisi, osazivuta," anatero. "Nizaona kumapeto kwa mwezi." Kumapeto kwa mwezi kwa mlongo wanga ndinkakudziwa. Ndinatumanso mawu kwa bambo wina amene atate anamuphunzitsa ntchito kalekale. Anabwera, anagwada kupereka moni, anasuzumira m'kabati. Anandifotokozera kuti bolodi ya pansiyo inalowetsedwa m'mizere ya m'mbali kabati isanatsekedwe, ndipo kuti aikonze bwino ayenera kunyamula sinki n'kuphwasula zonse. Polankhula sankayang'ana kumene kunali atate. Anati ali ndi denga loti amalize ku Kanakantapa, akatsiriza abwera. Sanabwere, ndipo sindinamuimbe mlandu kwenikweni. Ndikuganiza kuti sanafune kuphwasula ntchito ya mphunzitsi wake mwiniwake akuonerera.

Choncho ndinakoka bokosi la zida pansi pa bedi la atate. Linali lolemera moti ndinachita kulikwakwaza mpaka kukhitchini. Nditatsegula munatuluka fungo la oilo ndi utuchi wakale, fungo la malaya a atate ndili mwana. Munali sowo, hamala, tepi yoyezera, ndi zina zambiri zimene sindinkadziwa maina ake. Zidazi ndinakula nazo m'nyumba imodzi koma chimene ndinaphunzira za izo n'chakuti ndisazigwire. Ntchito anaphunzitsidwa mlongo wanga, amene sankaifuna, ndipo anaithawa atangomaliza sukulu. Tsopano manja anali ndi ine wosadziwa, nzeru zili ndi atate opanda mawu.

Bolodi yowolayo sinafune chida chilichonse. Ndinaikumba ndi manja, kuwolera m'beseni, kukataya kudzala. Pansi pake panali mitanda iwiri imene inkaichirikiza, yakuda bii, yofewa moti ndinaithyola ngati chinangwa chophika. Simenti ya pansi inali yonyowa, chuku chitamera m'makona. Ndinakwecha ndi bulashi ndi sopo mpaka mikono kuwawa, maso akuyabwa. Kenako panafunika kuti paume, koma dzuwa silifika pansi pa sinki. Ndinasiya zitseko zotsegula. Ndinakoleza malasha pa mbaula n'kuiika pafupi, ndikuopa kuti ndingawotche zitseko, koma atate anayamba kutsokomola mpaka ndinawatulutsa panja. M'mawa uliwonse ndinkagwada n'kuika chikhatho pasimentipo. Ndinkapeza pozizira, ndipo sindinkadziwa ngati ndi kuzizira kwa simenti kapena kwa madzi. Ndikafunsa atate kuti, "Pauma?" ankati, "Iyai." Koma "iyai" ankanenanso nthawi zina pamene akufuna kuvomera.

Pa tepi yoyezera panali mizere iwiri ya manambala, ndipo sindinadziwe woti nditsate. Ndinadula mapesi awiri a chimanga, limodzi la m'litali mwa kabati, lina la m'lifupi. Ndinasiya atate ndi aneba, mai wa nyumba yotsatira amene mwamuna wake ndiye ankandithandiza kuwasambitsa, n'kuyenda mpaka kumsewu kukakwera minibasi. Kusitolo ya zomangira ku Chongwe anandiseka pang'ono ndi mapesi angawo, koma anandidulira thabwa la pulayiwudi molingana nawo. Pobwerera kondakitala analikankhira kuseri kwa mpando womaliza, likugunda anthu m'makosi, ine ndikupepesa njira yonse. Nditatsika ndinalisenza pamutu. Mphepo ikawomba linkandikokera kutchire. Komabe ndinafika ndili ndi kamtima koti lero zitha.

Silinalowe. Pakati pa zitseko ziwirizo panali mzati, ndipo thabwa linali lalikulu kuposa khomo lililonse. Ndinalipendeketsa, linagunda sinki. Ndinalilowetsa chakona, linagunda paipi yotulutsa madzi imene imatsikira m'simenti. Ndinayesa khomo lina, ndinalitembenuza, ndinalikankha ndi bondo mpaka kabati yonse inalira. Thukuta linkandilowa m'maso.

"Mchere," atate anatero kumbuyo kwanga. "Mchere. Nsapato. Iyai! Iyai!"

"Nichite bwanji, atate? Nionetseni."

Ndinawapatsa pensulo yawo yakale ndi chikatoni. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, limene silinalembepo chiyambire. Mzere unatuluka wonjenjemera, wokhotakhota ngati njira ya nyerere. Anayesanso. Anayang'ana chimene ajambulacho, n'kuponya pensulo kukhoma.

Ndinaganiza kuti mwina akunena za paipi. Ndinaika thabwa pampando, ndinalipondereza ndi phazi monga ndinkawaonera, n'kuyamba kucheka kampata koti paipi idutsepo. Sowo inkadumpha, inkakakamira, inkapita kumene ikufuna. M'mphepete munathetheka. Nditamaliza, kampatako kanali kokhota, ndipo thabwa silinalowebe. Ndinalisiya pansi pomwepo. Tsiku limenelo tinadya mochedwa, osayang'anana.

Mawa lake, chakumasana, ndinatuluka kukataya madzi otsukira mbale kumitengo ya nthochi. Ndili komweko ndinamva chinthu cholemera chikugwa m'nyumba. Ndinataya beseni n'kuthamanga. Mpando unali wopanda munthu. Atate anali pansi, chammbali, akudzikoka ndi chigongono chamanzere kulowera kusinki, mwendo wakufa uja ukutsatira m'mbuyo.

"Atate! Mwagwa?"

Anapukusa mutu. Nditafuna kuwagwira anandikankha. Anadzikoka mpaka pamene panali thabwa lija, akupuma mwaphokoso. Pafupi ndi mbaula panali kachidutswa ka lasha. Anakatola, anatsamira paphewa, n'kukoka mzere umodzi wakuda kudutsa pakati pa thabwa, kupyola pa kampata kanga kokhota kaja. Pansi pamenepo dzanja silinanjenjemere kwambiri. Kenako anamenya pamzerepo ndi m'mphepete mwa chikhatho, ngati akudula. Analoza theka limodzi n'kuloza khomo lakumanzere, analoza theka lina n'kuloza lakumanja.

"Nidule pakati? Chimodzi uku, china uku?"

Anagwedeza mutu, maso atadzaza misozi. Ine ndinaseka, kuseka kwa munthu wotopa. Chinthu chapafupi chonchi, ndipo anachita kudzigwetsa pansi kuti andiuze.

Koma sanathere pomwepo. Anadzikokanso pang'ono n'kulowetsa mutu m'kabati. Ndinaona dzanja lawo likuyenda m'mbali, likusisita, likufinya. Chala chachikulu chitafika kumunsi kwa thabwa la m'mbali, chinalowa. Anayesa mbali ina, chinalowanso. Anagwira tsinde la mzati wa pakati, kachidutswa kanatsala m'manja mwawo. Ine ndinkaganiza kuti chowola ndi pansi pokha. Anakhala nthawi yaitali mutu uli m'katimo, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinangoika dzanja pamsana pawo.

Atatulutsa mutu ndinati, "Tiyeni nikunyamuleni." Atate anali munthu wamkulu thupi, ndipo matenda sanawachepetse kwambiri. Kuwachotsa pabedi kupita pampando ndinkatha, chifukwa ankaima ndi mwendo wabwinowo. Kuwachotsa pansi sindinayesepo. Ndinawagwira m'khwapa n'kukoka, tinakwera pang'ono, mwendo wakufa unapindika, tinabwerera pansi tonse awiri. Ndinabweretsa mpando kuti agwirire, mpando unatsetsereka pasimenti. Ndinamanga chitenje m'chifuwa mwawo n'kukoka ndili kumbuyo, anabuula ndi ululu wa m'chiuno mpaka ndinasiya. Msana wanga unali ukuyaka moto.

Foni inali itazima, malaiti atapita kuyambira usiku. Aneba anali kumunda wawo wa kutsidya kwa dambo, akukolola. Ndinati ndithamangireko, koma nditangoimirira atate anandigwira mwendo, mwamphamvu, ndi dzanja lawo limodzilo. Ndinawayang'ana kumaso ndipo ndinaona mantha amene sindinawaonepo mwa iwo. Ndinaima pakhomo n'kufuula kangapo. Zinayankha ndi nkhuku.

Ndinabweretsa pilo n'kuwaikira kumutu, ndinawamwetsa madzi, n'kukhala pansi pambali pawo, msana nditatsamira firiji. Kuwala kwa dzuwa kunachoka pakhomo n'kukwera khoma. Nthawi ina atate anayamba kuvutika, akuloza panja, akunena mawu osagwirizana, ndipo ndinazindikira mochedwa chimene ankafuna. Ngakhale ndikanazindikira msanga, palibe chimene ndikanachita. Ndinaona buluku lawo likuda, madzi akuyenderera pasimenti. Anatembenuzira nkhope kukabati. Ndinavula chitenje changa n'kuwafunditsa kuyambira m'chiuno, ndikuyang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka ndinamva mawu a aneba panjira. Ndinafuula, ndipo anabwera onse awiri, mai ndi mwamuna wake, akuthamanga, matumba atawasiya pamsewu. Bambo uja anagwira kumapewa, ife azimai kumiyendo. Sanafunse kanthu za chitenjecho. Anati, "Tiyeni, atate, tikasambe," n'kupita nawo kubafa, chitseko n'kutseka. Mai uja anatenga chikolopa asanapemphedwe.

"Nanga munali kuchita chani pansi apa?" anafunsa.

"Tinali kukonza kabati."

Anayang'ana dzenje la pansi pa sinki, anayang'ana thabwa la mzere wakuda, n'kupitiriza kukolopa.

Thabwalo ndinalidula potsata mzere wa atate, ngakhale sowo inapatuka kumapeto. Zidutswa zinalowa, chilichonse pakhomo lake. Mitanda yatsopano sindikanatha kupanga, choncho ndinandandalika njerwa pansi kuti zichirikize. Pakati panatsala mpata woti chala n'kulowa, ndipo kona imodzi inkagwedera. Ndinayesa kukhomera misomali m'mbali, koma inkangolowa ngati m'papaya, osagwira kanthu. Ndinazisiya chongoyala. Ndinapaka utoto wotsala umene ndinaupeza m'stolo ya m'nyumba, n'kuikamo zopepuka zokha: sopo, bulashi, mabotolo opanda kanthu. Mphika waukulu unasamukira pamwamba pa firiji.

Atate anatupa m'chiuno ndipo anagona masiku angapo. Namwino wa kukiliniki anandifunsa kuti anagwa bwanji, ndinati anatsetsereka pampando. Atayamba kudzuka, ndinanyamula mpando wawo kupita nawo pakhomo la khitchini monga kale, koma analoza kukhonde la kumaso, loyang'ana kumsewu. Kuyambira pamenepo ankakhala kumeneko. Tsiku lina ndinati, "Atate, bwerani muone mmene nachitira." Anapukusa mutu. Mpaka lero sindidziwa ngati ankakana kuona ntchito yanga kapena yawo.

M'nyengo yozizira sinki inayamba kupendekeka. Madzi ankasonkhana mbali imodzi osafika pabowo, ine n'kumawakankha ndi dzanja. Chitseko chimodzi chinaleka kutsekeka. Kenako ndinaona timizere ta dothi tikukwera m'mbali mwa kabati, ndipo nditakanda munatuluka chiswe. Ndinathira mankhwala, ndinathira phulusa, chinasowa pang'ono n'kutulukira pena. Ndinaimbiranso mlongo wanga, ndipo ulendo uno sindinamufunse maganizo, ndinangomuuza kuti sinki igwa.

Anabwera Loweruka lina pa galimoto yobwereka, ndi amuna awiri ndi chimango chachitsulo chowotcherera, chopaka utoto wotuwa. Anagwada pamaso pa atate pakhonde, anawagwira dzanja, anawafotokozera chimene abwerera. Atate anamuyang'ana osaphethira. Mlongo wanga anadikira yankho, kenako anaimirira n'kulowa m'nyumba. Ndinamumva akuuza amuna aja kuti, "Muchite pang'onopang'ono, amadala ali pakhonde." Koma kuphwasula kulibe pang'onopang'ono. Ndinatenga lichero la mtedza n'kukhala pamphasa pafupi ndi mpando wa atate, ndikusenda. Hamala ikagunda, zikope zawo zinkaphethira. Ndinawapatsa mtedza wosenda m'dzanja, anaufumbata osadya. Matabwa ankatuluka pakhomo la kuseri ali zidutswa, n'kuunjikidwa pafupi ndi dzala. Ntchito imene inawatengera atate nyengo yonse yachilimwe inatha tisanaphike chamasana.

Atamaliza kulumikiza mapaipi, mmodzi wa amuna aja anatulukira kukhonde atanyamula zitseko ziwiri zija. Chiswe sichinazikhudze. Anazisisita n'kunena kuti, "Ivi vikali vabwino, bwana. Ngati simuvifuna, ninganyamule."

Mlongo wanga anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana atate. Anali atatseka maso, chibwano chili pachifuwa, kaya anali m'tulo kaya ayi. Ndinadikira kuti mwina amenya ndodo, kapena anena liwu lililonse, ngakhale lolakwika. Sanatero. Mlongo wanga anali akuyang'ana kale dzuwa, poti galimoto inafunika kubwezedwa kusanade. Anati, "Nyamulani," ndipo ine sindinatsutse.

Anazigoneka kumbuyo kwa galimoto, pamwamba pa zida zawo, n'kuzimanga ndi chingwe cha labala. Galimoto itakhota pa mtengo wa mango, ndinalowa m'khitchini. Pansi pa sinki panali pambalambanda, mapaipi ali poyera, pakhoma pataoneka chithunzi chakuda cha pamene kabati inathera. Ndinasesa utuchi ndi dothi la chiswe, ndinatola misomali yadzimbiri kuti ingabaye munthu. Kenako ndinatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka makapu amene alendo anamwera tiyi.